Ugadiyani wa Esinta

Lachitatu. Dzuwa linaswa mtengo, koma sindinalimve.

Mng'ono wanga Esinta amusankha kukagwira ntchito yodzipereka kunja, yosamalira okalamba. Ndege, chakudya, pogona, zonse alipira a bungwe. Wandiuzira m'minibasi tikudutsa pa Chichiri.

Pafomu anafunsa ntchito zomwe anagwirapo. Iye analemba za miyezi ija anali gadiyani wa amayi kuchipatala, akugona pansi, akusambitsanso odwala opanda abale. Ine ndinamuseka: "Iwe, zimenezo salemba, udzichititsa manyazi."

Lero wati, "Achemwali, pa intavyu anangofunsa zomwezo basi."

Mwana uja ngolimba mtima. Ine wa dipuloma ndinkangopita Lamlungu ndi nthochi, n'kubwerako.

Akanyamuka, wosambitsa amayi ndine. Sindidziwa n'komwe poyambira.