Dzina Lanu Likadali M'buku Langa la Kuchipatala

Amayi, kaya kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Madalitso, mwana wanu womaliza uja.

Kuno ku Kande tilipo. Achemwali anga a Esinati anachira mvula itangosiya, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Liuma lakenso ndi lanu lomwe, akakana bere wakana basi. Chinangwa chomwe munabzala kuseri kwa tchalitchi chabereka bwino, koma kuviika kwake kukutikanika. Kondowole wathu akumatuluka wowawa, mpaka alamu amadya atakwinya nkhope.

Koma chomwe ndalembera kalatayi ndi mankhwala anga. Ndinasiya kumwa, Amayi. Yatha miyezi inayi. Musandikalipire kaye, imvani.

Inu nokha ndi amene munkadziwa zonse: kuti ndili ndi kachilombo, komanso kuti ndikati ndikukagulitsa ziboliboli kumaloji ogona alendo, chomwe ndimagulitsa kwenikweni ndi thupi langa, kwa amuna anzanga. Tsiku lomwe ndinakuululirani munali mukusenda chinangwa. Munapitiriza kusenda mpaka dengu lonse kutha, kenako munati, “Zinazo tidzakamba ndi Mulungu. Kuchipatala tikupita liti?” Kumeneko atafunsa za gadiyani, munthu wondiyang'anira pa kamwedwe ka ma ARV, munatchula dzina lanu musanandiyang'ane n'komwe. Kuyambira pamenepo munkakanditengera ndinu, mabotolo mutawakwirira pansi pa usipa m'dengu lanu. Wokufunsani panjira munkamuuza kuti ndi a kuthamanga kwa magazi.

Mutatisiya, ndinayesa kamodzi kupita ndekha. Pabenchi ndinapeza bambo wina amene amandifuna mobisa, atakhala ndi mkazi wake. Atandiona anayang'ana kumbali ngati waona njoka. Ndiye woitana mayina uja, atafika pa langa, anakweza mawu, “Awa ndi aja a kumaloji, amuna sali amuna!” Benchi lonse linaseka, ndi bambo uja yemwe. Ndinadzuka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kupitirira mpaka kunyumba.

Yotamu mukumukumbukira, mnzanga wa ku Tukombo amene ankakutungirani madzi? Tinamuika m'manda mwezi wathawu. Anatuluka zilonda kumalo kobisika, ndipo atakaonetsa, namwino anaitana mnzake kuti adzaone zachilendo, n'kumuuza Yotamuyo kuti zoterezi n'za apolisi. Sanabwererenso. Pamaliro abale ake anati ndi malungo. Ine ndinanyamula nawo bokosi, ndipo linali lopepuka moti ndinalira chifukwa cha kupepukako. Ndili ndi mantha, Amayi. Nane lamba wanga ndaboola kale mabowo awiri atsopano.

Tsono cholakwa changa n'chakuti dzina lanu sindinalifufutitse kuchipatala. Sabata yatha kunabwera mlangizi wa zaumoyo pa njinga, wa aja olondola anthu amene asiya mankhwala. Ine kunalibe. Anapeza a Esinati akuyanika chinangwa, n'kufunsa, “A Naphiri, gadiyani wa Madalitso, ndawapeza?” Achemwali anamulozera njira ya kumanda. Mlangiziyo anapepesa, koma mawu anali atatuluka kale.

Nditabwera, achemwali anandiitanira kuseri kwa khitchini.

“Amayi ankadziwa?”

“Eya.”

“Ngakhale zomwe anthu amakunena kuchigayo zija?”

“Zonse, achemwali.”

Analira, mwana ali kumsana. Ine ndinawapempha kuti alowe m'malo mwanu m'buku langa la kuchipatala. Anati, “Madalitso, ndiwe mlongo wanga, koma alamu ako ndi mkulu wa mpingo. Dzina langa likapezeka m'buku limenelo, banja langa latha.” Sindiwada ayi. Kungoti alamu atamva, analamula kuti ndisamanyamulenso mwana. Mwana wa dzina lanu, Amayi, ndimangomuonera patali. Zimenezi zandipweteka kuposa kuseka kwa pabenchi kuja.

Dzulo m'mawa ndinapeza dengu lanu pakhomo panga, muli usipa wodzaza manja awiri. Ndinadziwa kuti analisiyapo ndi achemwali. Ndinakumbukira zomwe munkakonda kunena ndikachita ulesi, kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chitsekocho munkanditsekulira ndinu zaka zonsezi, ine n'kumayesa kuti n'chopepuka.

Lachiwiri ndikwera minibasi. Ndamva kuti kupitirira Chintheche kuli dokotala wina amene amatseka chitseko asanayambe kufunsa, ndipo munthu ukamuuza ntchito yako saseka. Kaya n'zoona, kaya ndi nkhambakamwa, ndikaona komweko. Akakandiseka, ndikakhalabe pabenchipo mpaka botolo lilowe m'dengu. Ndikamuuzanso zonse, osasiyako monga anthufe tazolowerera.

Akakafunsa za gadiyani, ndikatsegula buku pomwe pali dzina lanu. Ndikanena zoona, kuti munapita. Koma ndikawapempha kuti asalifufute, angolemba langa pansi pake.

Mukamuona Yotamu mumulandire, mumupatse madzi akumwa, pakuti anachoka kuno ali ndi manyazi. Koma ine musandiyalire mphasa kumeneko. Ndikulonjeza kuti ndiyambiranso kumwa, tsiku ndi tsiku, mpaka kamtsikana aka kadzayende kokha n'kubwera pakhomo panga popanda woti akaletse.

Ndakusowani kwambiri, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Madalitso