Supuni imodzi m'malo mwa anayi

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsanjeko. Ife kuno ku Manje tilipo.

Khanda lija anatisiyira malemu Linda lakwanitsa miyezi inayi. Mkaka wa m'chitini wakweranso mtengo, ndipo ku Limbe umatha dzuwa lisanafike pamutu, poti amayi apantchito akuulimbirana. Pachitinipo analemba kuti tizithira masupuni anayi, koma ine ndikuthira imodzi, madzi n'kudzaza botolo.

Masiku ano mwanayu salira. Aneba akumuyamikira kuti ndi wofatsa ngati mayi ake, ine ndimangoseka nawo. Kusikelo sindinapite naye mwezi uno, ndikuopa maso a anesi.

Azakhali, ngati mungathe kubwera, musadikire Khirisimasi. Abambo mfumu ndawapempha kuti ubatizo wake aufulumizitse.

Ndine mwana wanu,
Evelina