Kakhadi ka Tiyamike ndi Pakamwa Panga

Kuno kwathu kuseri kwa Nsaru,
Lachitatu, dzuwa litangopendeka

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija idasiya kutupa? Ine ndikuganiza kuti idasiya, poti abusa amati kumeneko kulibe zowawa. Ngati mukudandaulabe ndiye kuti n'chizolowezi chabe.

Musaseke zilembozi. Zikuyenda ngati nkhuku yodya masese, ndikudziwa. Sukulu mudanditulutsa ndinu ndili sitandade 3 kuti ndizilera mlongo wanga Yohane, ndiye mlanduwu tigawana. Masiku onse ndikafuna kulemba kanthu amandigwirira cholembera ndi Tiyamike, mwana wa malemu Esinati wanga, yemwe uja munkamutafunira mbatata ali khanda. Lero mlembi wangayo sindingamupemphe. Ali m'nyumbamu, chikwama chake wamanga kale, ndipo nkhani ndikulembayi ndi ya iyeyo.

Koma ndiyambe ndi zabwino. Munkati mlendo umayamba wamupatsa madzi usanamuuze za maliro. Mvula chaka chino idachedwa koma idakhalitsa. Chimanga cha kumunsi kuja chidachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka m'khosi. Fodya ndidamusiya, msana sukulolanso zosoka ndi kupachika m'chigafa, ndiye ndidadzala soya ndi mtedza. Mdzukulu wa Yohane wabereka mapasa, onse aakazi, mphuno zanu zenizeni, zotambalala ngati chipande. Mango mudadzala kuseri aja mphepo idathyola nthambi yaikulu, koma akuberekabe. Mbuzi yanu yamawanga idafa kalekale, koma zidzukulu zake zikubabe m'minda ya anthu. Mtundu sutayika.

Madzi mwamwa. Tsono khalani bwino.

Tiyamike adakula, amayi. Adapita kutauni kukagwira ntchito m'nyumba ya mayi wina wachizungu. Kuno adasiya chibwenzi, mnyamata wa kutsidya dzina lake Lemekezani. Zonse zidayenda mwadongosolo. Ankhoswe adakumana, ife tidamulozera malo oti amange kuseri kwa khola, iye adaumba njerwa n'kuziwotcha. Uvuni wake ulipobe, ndikuuona pano ndakhalapa, wamera chisoso pamwamba. Kenaka tidangomva kuti wapereka mimba kwa Chisomo, mnzake wa Tiyamike wa ponda apa nane ndipondepo, amene ankaimba naye kwaya n'kumabwerekana nsapato. Adangolowana mwakachetechete.

Mwanayo adasiya ntchito n'kubwera kumudzi. Sadalire pamaso pathu. Ankasesa, ankatunga madzi, ankaphika zitumbuwa zogulitsa pasukulu, koma kudya ngati mpheta. Ine m'malo mokhala naye pansi ndinkangomukalipira: "Iwe, mwamuna si mpweya ayi, anthu amakhala popanda." Ndinkayesa ndikumulimbitsa mtima.

Tsiku lina ndidatulutsa zofunda zake kuti ndiziyanike, nsikidzi zativuta chaka chino. Mu pilo mudagwa kakhadi, kukula kwake ngati chikhatho. Amayi, pakakhadipo adajambulapo mtima wofiira, waukulu, wopanda mwini, uli lende m'malere. Mipeni itatu italiitali yaubaya kuchokera kumwamba, umodzi pakati, iwiri m'mbali mopingasa. Kumbuyo kuli mitambo, mvula ikugwa. Ndidayamba ndaganiza kuti ndi zithunzi zija amapachika Akatolika a ku Nambuma, koma padalibe mtanda, padalibe Mariya.

Apa m'pamene ndidayenera kumudikira abwere kumjigo, ndimufunse. Safunsa adadya phula, munkatero. Ine phulalo ndidadya ndi njuchi zomwe. Ndidakalowetsa m'bulauzi, ulendo kwa aNachisale, mnzanga uja wa kuseri kwa tchalitchi, kumene tinkathothola mtedza tsiku limenelo.

Mukudziwa mmene zimakhalira pothothola. Amayi azungulira mulu, manja ali pa ntchito, makutu ali pa ulova. Ndipo ine mukundidziwa. Munkati, "Nelesi, pakamwa pako ndi chikwakwa cha munthu woledzera, chimadula udzu ndi chimanga chomwe." Ndidatulutsa kakhadi kaja kuti ndingofunsa ngati wina adakaonapo kotere. Zoonadi, cholinga chidali chimenecho. Koma nditaona kuti maso onse ali pa ine, manja aima, aNachisale asama kukamwa, chinthu chimandigwira chija chidandigwira. Nkhani ikayamba kukoma ine sindidziwa poima.

"Mipeni itatu bwanji?" adafunsa aNachisale.

Ine osaganiza n'komwe: "Inu simukuona? Uwu ndi wa Lemekezani, uwu wa Chisomo, wapakatiwu ndi wa chimene chili m'mimbacho."

"Mayo ine! Ndiye kuti mwanayu adakayenda kwa asing'anga a kutauni, eti?"

"Kaya," ndidatero ine. Kaya wake wokoka uja, wa munthu wodziwa zambiri.

Palibe adandiuza zimenezo, amayi. Ndidazipeka pomwepo, mtedza uli m'manja, monga ndimapekera nthano za ana. Ndidabwerera kunyumba mtima uli mbee, ngati ndatsogolera bwino nyimbo paukwati, n'kubwezera kakhadi kaja mu pilo.

Sipadapite nthawi, Lemekezani adadwala chibayo. Ino ndi nyengo yozizira, chibayo chimagwira anthu chaka ndi chaka, inunso chidakugwiranipo. Koma munthu akamagwira pachifuwa n'kumati "pakundibaya apa," mudzi wonse utamva kale za mipeni, mukuganiza kuti anthu anena chiyani? Adamutengera kuchipatala ku Kabudula pa njinga yamoto, adalandira mankhwala, adachira. Pano akumwa tiyi pamsika ngati sadadwalepo. Koma dzina la mdzukulu wanga silidachire.

Akafika kumjigo amayi amasuntha zidebe zawo. Zitumbuwa zidayamba kubwerera zonse, ana makolo awo awaletsa. A kwaya adamuuza kuti ayambe wapuma kufikira akulu a mpingo atamva nkhani yake. Amayi ake a Chisomo adafika mpaka pabwalo pano, chitenje chili m'chiuno, kukuwa kuti mimba ija ikangochoka tidzaonana. Amene sadasinthe nkhope ndi mayi Asiyatu okha, Asilamu aja a pagolosale. Pondipatsira sopo adandiyang'ana n'kuti, "Agogo, kodi mwanayo mudamufunsa?" Ine ndidangoti sopo wawo sachita thovu, n'kutuluka.

Tiyamike sankadziwa kuti moto udabuka pati. Ankaganiza kuti wina adasuzumira pawindo. Ine ndinkadya naye mbale imodzi, n'kumathandizana naye kudzudzula anthu amiseche. Taonani manyazi ake. Mpaka Lamulungu lapitali, potuluka m'tchalitchi, mwana wa aNachisale adamuuza kuti, "Ukudabwa chiyani? Adationetsa ndi agogo ako omwe."

Atafika kunyumba sadakuwe. Bola akadakuwa, zokuwa ndimazitha ine. Adalowa kuchipinda, adatuluka ndi kakhadi kaja, adagwada n'kukaika pamphasa pakati pathu.

"Agogo, kodi mudandifunsa?"

Ndisanatsegule pakamwa, adapitiriza:

"Aka adandipatsa ndi abwana anga aja, tsiku limene ndidalandira foni ya za Lemekezani. Adandipeza ndikulira ndikutsuka mbale. Ali ndi makhadi ambiri a zithunzi, amati taroti. Kwawo ena amaombezera, ena amangoyang'ana n'kumalingalira za moyo wawo. Adasankha aka n'kuti, tenga, aka n'ka munthu wosweka mtima. Ine sindidalodze munthu, agogo. Mtimawu si wa Lemekezani. Ndi wanga."

Ndidayesa kudziteteza, poti chizolowezi. "Nanga chosungira chithunzi choopsa chotere n'chiyani, mwana iwe? Anzako amasunga za maluwa."

"Chifukwa n'chokhachi chimene sichinkandiuza kuti limba mtima. Inu munkati mwamuna si mpweya. A kwaya ankati pemphera kwambiri. Aka kankangovomera kuti zikupweteka." Kenaka adaloza ndi chala. "Taonani, magazi palibe. Walasidwa koma sudang'ambike, ukadali wathunthu. Ndipo mvulayi adati si yachilango, ndi yotsuka. Ikagwa imakata."

Ndidayang'anitsitsa. Zoona, amayi, magazi palibe ngakhale dontho. Ine ndidayenda nako m'bulauzi tsiku lathunthu, ndidakaonetsa kwa anthu, koma mwini wakene sindidakaone.

"Ndinkati ndikakayang'ana," adapitiriza, "ndinkati uwu ndi Lemekezani, uwu ndi Chisomo. Wapakatiwu ndinkasowa mwini wake. Ndinkayesa wojambula adangowonjezera kuti chikongole." Adatola kakhadi kake n'kudzuka. "Pano ndasiya kudabwa."

Amayi, inu mudandimenyapo ndi mthiko. Bambo a Esinati adandinenapo mawu oti sindingalembe pano. Koma mawu a mwana uyu, onena mwaulemu, atagwada, adandilowa pamalo pamene mthiko sudafikepo.

Ndipo ndidakumbuka chipewa chija. Abambo anga atapita ku esiteti n'kukakwatira komweko, inu mudasunga chipewa chawo chong'ambika m'dengu la nyemba mpaka mudakalamba. Nthawi zina ndinkakupezani mwachigwira. Sindidakufunseni, koma sindidapitenso nacho kwa anthu. Palibe adakunenani ufiti chifukwa cha chipewa. Nanga nzeru imene ndidali nayo ndili kamtsikana idathawira kuti pamene imvi zabwera?

Chinanso mudachimva ndi makutu anu, poti mudalipo pamene Esinati ankatsirizika. Adati, "Amayi, mwanayu mumutchinjirize ku pakamwa pa anthu." Ine ndidayankha modzitama kuti m'mudzi muno mulibe pakamwa poposa panga, amene adzamunene adzandiona. Sindidaname, eti? Mulibedi poposa panga.

Tsono Tiyamike wanena kuti Lachisanu akwera galimoto, abwerere kutauni akafune ntchito ina, ndipo kuno sadzapondanso. Akachoka dzina lake lili chonchi, adzakhala mfiti ya mudzi uno mpaka imvi. Munda umene mudagawira Esinati adzalima ndi ena, ndipo ine podzafa adzanditseka maso ndi aNachisale, akuuza anthu mmene ndidaonekera.

Mawa ndi Lachinayi, tsiku la amayi kutchalitchi. Onse adali pamtedza aja adzakhalapo, amayi ake a Chisomo, ndi amayi abusa omwe. Ndaganiza zokaimirira. Osati kunong'oneza mmodzi kuseri kuti akandinenere, ayi. Ndidanama pagulu, ndikabweza pagulu. Ndikanena kuti za mipeni ya Lemekezani ndi za mimba ndidapeka ndine, Nelesi, ndi mutu wanga uno, chifukwa ndimakondwa anthu akaimitsa manja n'kumandimvetsera. Akati ndivule yunifolomu ya amayi, ndivula. Mantha anga ndi amodzi: zoonazi si zokoma ngati bodza lija. Bodza lidayenda lokha ndi miyendo yake, koma izi ndiyenera kuzibereka kumsana khomo ndi khomo, kumjigo, pasukulu, mpaka kutsidya. Ndizibereka. Ndidaberekapo zolemera.

M'mawa uno ndinamupeza Tiyamike akupeta soya pakhonde. Ndinagwada, amayi. Ine, ndi mawondo angawa, kugwadira mwana amene ndidamusambitsa. Ndinati, "Mayi, undibwereke kakhadi kako mawa. Ndikufuna ndikawaonetse kuti magazi palibe." Anaika lichero pansi. Kenaka analowa, anakatenga, n'kundipatsa osandiyang'ana. Ine magalasi ndinasiya m'nyumba, ndiye ndinangokakweza m'mwamba n'kumayeserera zimene ndikanene. Ndinangomva kakuseka kakang'ono kotulukira m'mphuno, koyamba chibwerere kutauni.

"Agogo, mwakazondotsa."

Ndinati nditembenuze, anandigwira dzanja.

"Kasiyeni choncho. Abwana aja adati kakazondoka tanthauzo limasintha. Zigwiriro zikaloza pansi, mipeni imayamba kusololoka yokha. Ndiye kuti munthu wayamba kuchira."

Ndinafunsa, "Yonse itatu?"

"Kaya," anatero. Ndipo amayi, kaya wakeyo anali wanga weniweni, wokoka uja. Mtundu sutayika.

Chikwama sanamasule, ndasuzumira. Koma nsapato zake za kutchalitchi, zimene dzulo zidali m'chikwamamo, ndaziona pakhomo. Wazipukuta.

Ndikudziwa kuti kuwerenga simunkatha, koma kumeneko aphunzitsi ndi abusa adadzaza. Pemphani mmodzi akuwerengereni, bola asakhale wolongolola ngati ine. Mukamva, kalatayi musaibise m'dengu la nyemba. Mumupatsire Esinati, awerenge yekha, ine ndilibe nkhope yomulembera. Mumuuze kuti mawa ndikaimirira, ndipo ndikanena monga zidachitikira, osathira mchere ngakhale kambewu kamodzi. Ndalonjeza. Inu mudzakhale kumbuyo kwanga. Mukadzaona kuti nkhani yayamba kukoma, mudzandikoke bulauzi, monga munkachitira pamaliro.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa uja,
Nelesi