Ukatsike pa Mpando wa Don Eulalio

Camoapa, Nikaragwa
Mwezi wa Okutobala

Kwa mlongo wanga wokondedwa Yelba,

Ndi ulemu waukulu ndikupereka moni kwa iwe, kwa alamu anga a Iñaki ndi kwa mwana wathu Ainara. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Sipeini kumeneko. Ife kuno tilipo, kupatula zimene ndifotokoze m'munsimu.

Cholinga cha kalatayi ndi kukupatsa malangizo a ulendo wako wa mwezi wamawa, popeza unachoka kalekale ndipo zina unaziiwala.

Choyamba, zovala. Majekete uwasiye. Kuno kukutentha ndipo mvula ikugwa masana alionse, choncho utenge ambulera ndi nsapato zosaopa matope. Alamu anga asaiwale chipewa, angafiire ngati phwetekere.

Chachiwiri, udzudzu. Chaka chino wachuluka, ndiye ugule mankhwala odzola. Mwana asamwe madzi osaphitsa, ngakhale achibale akakamize chotani.

Chachitatu, mayendedwe. Mukatsika ndege ku Managua, musakwere takisi musanagwirizane mtengo. Uzilankhula ndiwe, alamu akhale chete, chifukwa akangotsegula pakamwa mtengo ukwera. Katundu akamukweza pamwamba pa basi, uonetsetse kuti amufunditsa pulasitiki.

Chachinayi, potsikira. Apa uwerenge mofatsa. Ukudziwa kuti kwathu kuno nyumba zilibe manambala. Timalozera njira pa chinthu chodziwika, ngakhale chinthucho chitachoka. Pamphambano pathu paja tinkati "pamene panali mtengo wa mango", chonsecho mtengowo unagwa ife tisanabadwe. Ndikukudziwitsa kuti dzinalo linasintha. Ukamuuze kondakitala kuti utsikira pa mpando wa Don Eulalio.

Usadabwe, ndi bambo athu omwewa. Kuyambira chaka chija unalonjeza koyamba kuti ubwera, madzulo alionse amavala malaya oyera osita bwino, n'kutulutsa mpando wawo kukakhala pamene imaima basi yochokera ku Managua. Ndikawafunsa amati akungopitidwa mphepo, ndisiye kuwalondalonda ngati wapolisi.

Doña Socorro, wogulitsa chimanga chootcha pamenepo, amawaseka kuti nkhalamba iwe, boma likulembe ntchito ya chikwangwani uzilandirako malipiro. Iwo amamuyankha kuti chikwangwani chili ndi phindu kuposa chimanga chake chothyola anthu mano. Amatukwanizana chonchi mpaka basi yomaliza itadutsa, kenaka mayiyo amawapatsa chimanga chofewa chimene amawasungira padera. Tsopano dera lonse limalozera pa iwo. Ngakhale wansembe watsopano anauzidwa kuti tchalitchi chili kumtunda kwa mpando wa Don Eulalio.

Ulendo uja unalephera chifukwa cha ntchito, bambo sanadandaule. Anangoti mabwana a kunja ndi ovuta, mwana asakakamizidwe. Mawa lake anatulutsanso mpando.

Tsopano ndifike pa mfundo yeniyeni. Mtima wawo wafooka ndipo miyendo yatupa. Mpando ndimanyamula ndine masiku ano, ndipo sabata yatha pobwerera ndinanyamula ndi iwo omwe. Apepuka kwambiri, mlongo wanga. Adokotala anandiitanira pambali n'kunena kuti chilichonse chimene banja likufuna kuchita, lisazengereze. Bambo andilamula kuti ndikulembere za udzudzu ndi ambulera zokha, koma lamulo limenelo sindikutha kulitsata.

Iwe ukuwadziwa anthu akwathu. Dzina la malo salitaya, amangowonjezera mawu aja akuti "pamene panali". Ine mawu amenewo ndikuwaopa. Choncho ndikukupempha modzichepetsa kuti usasinthenso tsiku. Ngati tchuthi cha alamu chavuta, bwera ndi mwana yekha. Za mphatso usavutike nazo.

Langizo lomaliza: basi ikaima, katundu umusiyire ine. Utsike iwe poyamba, chifukwa maso awo sachoka pakhomo la basi.

Undiperekere moni kwa apongozi ako onse. Ainara umuuze kuti amalume amusungira mwana wa nkhuku woti adzamutche dzina. Mulungu akutsogolereni m'mwamba ndi pamsewu, mpaka mudzafike pa mpando mwini wake alipo.

Ndine mlongo wako wokhulupirika,
Nicanor Urbina