Funso la Masika

Beni, Congo
14 Meyi

Okondedwa achimwene a Godfrey,

Muli bwanji kumeneko kwa Kabudula? Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Nanga amayi, mankhwala a BP akumwa, kapena ayambanso kuwabisa m'chitini cha shuga? Ine kuno ndili bwino. Kalatayi ndapatsira mnzanga Vanessa amene akubwera kutchuthi, chifukwa nkhani yake si ya pafoni pomwe mumangondiyankha kuti ndamva, ndamva.

Kuno mvula siidziwa nyengo. Imagwa pamene yafunira, ndipo nsapato zanga zonse zachita nkhungu. Chiswahili ndayamba kuchitola pang'onopang'ono, ngakhale odwala amandiseka. Ntchito ndi yomwe ija ya unamwino pamsasa wa asilikali osungitsa mtendere, koma Lachiwiri lililonse timathandizanso anthu a m'midzi yozungulira. Ambiri amakhala amayi.

Mmodzi mwa iwo dzina lake ndi Masika. Nditamva ndinaseka, ndimayesa masika athu okolola, koma akuti kwawo kuno mwana wamkazi woyamba kubadwa amamutcha choncho. Ndi wa msinkhu wanga. Anabwera ndi chilonda kuphazi, mwana wa miyezi isanu ali kumbuyo. Chilondacho ndinachitsuka milungu inayi, ndipo mlungu wachitatu m'pamene anandiuza za iye.

Akuti anthu a mfuti anamugwira akukumba chinangwa m'munda. Anakhala nawo m'nkhalango miyezi isanu ndi iwiri, kuwaphikira ndi kuwasenzera katundu. Zina sananene, inenso sindinafunse. Anathawa ali woyembekezera. Atafika kunyumba, mwamuna wake anakana ngakhale kutuluka kudzamuona. Alamu ake anamuuza kuti munda ndi wa kuchimuna, abwerere kumene anachokera. Koma mudzi wa makolo ake unatenthedwa kalekale.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Masika si munthu wolira. Iye ndi amayi ena khumi ndi awiri, onse otayidwa chimodzimodzi, anabwereka munda pafupi ndi msewu ndipo amalima nyemba. Kumunda amapita onse pamodzi, wina amaima pachulu ndi wezulo kuyang'ana kuthengo, ndipo amasinthana. Masika atapita kukalembetsa mwana wake, mlembi anaumirira kuti atchule dzina la bambo. Amayi onsewo anakhala pansi pakhomo la ofesiyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mpaka mwana analembedwa dzina la mayi wake. Ine Masikayo ndinamufunsa zambiri za gulu lawoli, mpaka anandiuza kuti ndimafunsa ngati wapolisi.

Kenaka naye anandifunsa za kwathu. Ndinanyada, achimwene. Ndinamuuza kuti kwathu munda umatsata mayi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mkazi sathamangitsidwa pamudzi wa amayi ake. Anaomba m'manja, nkuitana anzake kuti adzamve. Atatero anafunsa kuti nanga mkazi wochokera kutali, amene kwawo kunatha ndi nkhondo, mwamuna wake akamwalira amapita kuti. Ndinangoweramira pa bandeji.

Mukudziwa amene ndinawaganizira. Azakhali a Rozaria, akazi a malemu amalume a Chrispin. Amayi anandiuza pafoni kuti mukamaliza kukolola muwasudzula kuti azipita kwawo, ndipo munda wa amalume mugawira mbumba. Kwawo kuti, achimwene?

Ine ndimangodziwa zoti amalume anawatenga ku Mchinji ali pa esiteti ya fodya, iwo atathawa nkhondo ya ku Mozambiki. Basi. Zaka zoposa makumi atatu akhala nafe, ndi amene anandiperekeza ndi chikwama pamutu tsiku lopita kusukulu ya unamwino, koma sindidziwa dzina la mudzi wawo, kapena la mayi awo. Inu mukulidziwa? Kodi anathawa okha? Chala chija chakumanzere chinaduka bwanji? Tili ana tinkawaseka kuti amabisala kuseri kwa nkhokwe ndege ikamadutsa. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo chifukwa chake. Ndachita kufika ku Congo kuti ndiyambe kudabwa za munthu amene nyumba yake yayang'anizana ndi yathu.

Pempho langa ndi limodzi. Panopa mwini mbumba ndinu, ndipo mawu anu ndi amene amveke tsikulo. Kusudzula asudzulidwe monga mwa mwambo, koma asachoke pamudzi pokhapokha atafuna okha. Ndikudziwa kuti malo achepa ndipo ana a mchemwali wathu Edith akula, akufuna polima. Ngati vuto ndi limenelo, ndime yanga ya kudambo ija muwapatse azakhali, alime mpaka mphamvu zitawathera. Mukanene pamaso pa onse kuti ndanena ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Naomi, kwa Edith ndi ana onse, ndiponso kwa amayi a Chigwirizano amene amandipempherera. Azakhali muwauze kuti asamange katundu. Ndikubwera mu Ogasiti, ndipo ndikufuna ndidzawapeze pakhonde pawo pomwepo, atandiyalira mkeka, chifukwa ndili ndi mafunso a zaka makumi atatu.

Ndine mlongo wanu,
Lilian