Zotengera kwa Amayi

Gulu: Ana a Mayi

4 Marichi

Mzime 09:12
ndidakali pa benchi. nurse akuti adokotala akubwera ndi ma results

Sisi 09:14
wadya kanthu?

Mzime 09:14
ayi, ndidya ndikatuluka

Achimwene 09:20
ine ndinanena kale. kusaka matenda usakudwala nkuziputa dala

Sisi 09:23
achimwene, khansa ya bere inatenga amayi, inatenga amayi aang'ono, lero ili pa ine. adokotala anati ndi gene yolakwika, yakumtundu. mwana aliyense wa amayi ndi 50/50. bola mzime adziwiretu

Achimwene 09:25
nde ine mwamuna ndili ndi bere lanji kkk

Sisi 09:26
awo amagwedera mukamathamanga aja. nthabwala pambali, muli ndi ana aakazi atatu. mwamunanso amapatsira ana ake

Mzime 10:05
andiitana

Sisi 10:40
zili bwanji?

Sisi 11:15
mzime

Sisi 12:02
📞 missed call

Mzime 13:31
ndilibe

Sisi 13:32
🎤 0:14 "Eee, Mulungu ngwabwino! Ndakuwa mpaka drip kugwedera, anzanga mu ward muno akuyesa ndapenga."

Mzime 13:40
musasangalale sisi. ndili pa stage chikhalire, ma basi akungondidutsa. ndikumva ngati ndakuberani. amayi atapita munandilera ndinu, nde inu tsitsi lonse kuthothoka, ine kutuluka bwinobwino?

Sisi 13:44
usandilankhule zopusa. mawa ubwere udzandimange duku, ana angawa amamanga ngati mtolo wa nkhuni

Mzime 13:45
ok. ndibwera ndi lofiira lija

Achimwene 17:10
congrats mlongo

19 Epulo

Achimwene 14:38
muli pa line?

Mzime 14:41
eya, ndili ku saluni, kasitomala ali mu dryer. sisi awagonekanso dzulo, magazi achepa. foni sakuigwiragwira

Achimwene 14:43
ndinakayezetsa. sindinakuuzeni

Achimwene 14:43
gene ija ndili nayo

Mzime 14:44
ayi achimwene

Mzime 14:44
ayi

Achimwene 14:50
🎤 0:31 "Akuti inenso ndiziyezetsa khansa ya prostate pafupipafupi. Zimenezo sindikuopa ayi. Koma atsikanawa... Ndaima pa geti la sukulu, galimoto ya abwana ndaisiya m'mbali mwa msewu. Wamng'ono uja ndikumuona pa windo, akutafuna pensulo. Ndikungoti kodi ndi uti mwa atatuwa. Kapena onse."

Mzime 14:53
mwina palibe ndi mmodzi yemwe. onani ine

Achimwene 14:54
mwina

Mzime 14:55
alamu mwawauza?

Achimwene 14:58
ayi. mmawa amafunsa kuti bwanji tiyi ndamusiya, ndati dzino

Mzime 15:00
anawo akadali aang'ono, adzayezetsa akakula. koma alamu auzeni lero pls. ndikatseka ndibwera tikhale limodzi

Achimwene 15:01
adzati ndawabweretsera maliro mnyumba

Mzime 15:02
sanganene choncho

Mzime 15:06
kasitomala akupsa, ndiyimba ndikamaliza

Achimwene 15:11
achemwali, mukadzuka ku wardko mundiyankhe. inu ana anu munawauza bwanji? munayamba ndi mawu ati?

Achimwene 15:24
achemwali

Achimwene 15:30
belu lalira. andiona. akubwera akuthamanga onse atatu