Chitini Chimene Nyerere Zinachithawa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo. Bambo anatuluka m'chipatala ndipo ayambiranso kulongolola, ndiye dziwani kuti achira. Amene sali bwino ndi Amayi, koma si m'thupi ayi.

Ndikudziwa kuti achimwene anakuimbirani kale. Anakuuzani kuti Amayi ayamba kuiwalaiwala, sangathenso kusamala Bambo, ndiye akufuna kutenga Amayiwo akakhale kwawo, kuno tipeze wantchito wosamala Bambo. Musanavomere, werengani kaye kalatayi. Pafoni ndikanangolira osanena kanthu.

Mukukumbukira mapaketi munatumiza aja, a ufa wotsekemera wolowa m'malo mwa shuga? Bambo anangowayang'ana n'kunena kuti iwo sangamwe tiyi wothira mankhwala, mapiritsi ndi jakisoni zawakwana kale. Inu mukuwadziwa, tiyi wawo amachita kumata milomo. Ndinawachonderera, ndinawaopseza, mpaka anandipatsa dzina loti adokotala opanda sukulu.

Ndiye ndinachita zanzeru zanga. Tsiku lina Amayi ali kumsika, ndinakhuthula chitini cha shuga chofiira chija cha pamwamba pa kabati, n'kuthiramo ufa wanu. Ndi woyera mbee, wofanana ndi shuga yemwe. Shuga weniweni ndinapita naye kusaluni, tinkamwera tiyi ndi anzanga pakati pa kuluka tsitsi. Sindinauze munthu, ngakhale Amayi, poti iwo sabisira kanthu amuna awo. Paja Amayiwo amamwa tiyi wosathira shuga chichotsereni mano aja, ndiye sakanazindikira.

Zinayenda bwino mochititsa manyazi. Bambo anangodandaula kuti shuga wa masiku ano akusiya kakuwawa kukhosi, opanga ayamba chinyengo. Kuchipatala anesi anawayamikira kuti shuga wa m'magazi mwawo watsika. Pobwerera ananyada njira yonse, eti mwaona, munthu ndikumwa tiyi wanga wotsekemera koma ndili gwa. Ine ndinkasekera mumtima, kudziona wochenjera.

Anesi omwewo anatiphunzitsa kuti Bambo akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndiye kuti shuga watsikitsitsa, tiziwamwetsa msanga chinthu cha shuga weniweni. Ndinalipo, achemwali. Ndinagwedeza nawo mutu. Za chitini sizinandibwerere n'komwe.

Tsiku la ngozilo Bambo anabaya jakisoni wawo m'mawa n'kukhala pamakina awo osokera, kuthamangira kumaliza mayunifolomu a ana a sukulu. Za kudya anati aona akamaliza makolala. Amayi anangomva makina atasiya kulira, ndipo anawapeza atatsamira khoma, malaya atanyowa, akuyankhula zosamveka.

Amayi sanachedwe. Anathira tiyi wa m'fulasiki, kutapa m'chitini mosaumira, n'kuwamwetsa. Palibe chinasintha. Anapanganso kapu ina, koma Bambo anangolefukirabe mpaka kukomoka. Aneba athu a takisi aja akanapanda kukhala pakhomo, bwenzi pano ndikukulemberani za maliro.

Kuchipatala atawaika dripi, adokotala anafunsa ngati anapatsidwa shuga kunyumba. Amayi anati makapu awiri odzaza. Adokotala anayankha mwaulemu kuti magazi sakuonetsa choncho. Pomwepo achimwene anayamba: mwina munathira mchere, mwina simunathire n'komwe, paja tsiku lina munataya makiyi ali m'manja mwanu. Ine ndinali chiimire pambali pawo, mankhwala a tsitsi akunditulukabe fungo m'manja. Ndinaopa achimwene, ndinaopa Bambo, ndipo ndinangoti zii ngati mlendo.

Dzana ndinapeza Amayi kukhitchini atatsitsa chitini chija, chili patebulo chosavundikira. Anati chakhala chotero kuyambira tsiku lija, poti pachipwirikiti palibe anakumbuka chivundikiro, koma taona, mulibe nyerere ngakhale imodzi. Anati moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi nyerere pa chitini chimenechi, mpaka kumachikhazika m'mbale ya madzi. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandifunse kanthu. Anangonena kuti mwanangu, pochokera kuntchito ukagule shuga.

Madzulo ake achimwene anabwera kudzamaliza nkhani yosamukayo. Ndinadikira kuti Amayi andiulule, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. M'malo mwake anapinda manja pamiyendo n'kuvomera kuti mwina ukalamba wawapezadi, mwina anaiwaladi kuthira. Bambo ali pampando wawo anatembenukira kukhoma.

Achemwali, anthu awa chikwatirane sanakhalepo nyumba zosiyana. Lero akuwalekanitsa chifukwa cha ine. Amayi akulolera kunenedwa kuti mutu wasokonekera, kuti mwana wawo asanenedwe kuti anatsala pang'ono kupha bambo ake. Ndikuchita manyazi moti ngakhale kuwayang'ana kumaso ndikulephera.

Inu musadziimbe mlandu. Ufa wanu sunalakwe, ndipo anesi akuti ndi wothandizadi, bola aliyense m'nyumba adziwe chimene chili m'chitini. Wolakwa ndine, amene ndinauveka dzina la shuga.

Ndikangotumiza kalatayi ndikupita kukagwada pafupi ndi makina a Bambo, ndikanene zonse. Mwina sadzalandiranso kapu yochokera m'manja mwanga, ndipo ndavomera. Koma achimwene mukuwadziwa, akanena anena, ndipo adzati ndikungoikira kumbuyo Amayi. Akuti abwera ndi galimoto kumapeto kwa mwezi. Chonde aimbireni, inu amakumverani. Auzeni kuti mapaketi munatumiza ndinu, ndipo chikwama cha Amayi chisatuluke m'nyumba muno.

Shuga ndinagula. Amayi anatsuka chitini, kuthiramo okha, n'kusiya timibulu tingapo patebulo. M'mawa uno nyerere zabwera pamzere wake, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndawaona Amayi atangokhala n'kumaziyang'ana, osazipukuta.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo aakazi ali ndi nzeru zawo zonse. Mulungu akusungeni, ndipo mukamapemphera mundikumbukire.

Ndine mng'ono wanu,
adokotala opanda sukulu aja